Enid ndi Nsalu ya pa Guwa

Enid ankakhala ku Nkope. Ankafunitsitsa kugwira ntchito ya m'tchalitchi. Koma ntchito yake inali kutsuka mbale ndi kutunga madzi basi.

Loweruka lina amayi ake anasita nsalu ya pa guwa. Inali yoyera mbee. Akuipinda, panja panalira wezulo. Anali anyamata a chipani a malaya ofiira.

"Nonse kumsonkhano! Lole ikudikira."

Amayi anayang'ana nsalu. Anayang'ana Enid.

"Iwe, tenga. Ukapereke kwa Abambo Oswald, ansembe athu. Mawa kuli Misa. Isagwe pansi. Isakhudze kanthu."

"Shuwa, amayi? Ine?"

"Iweyo. Fulumira."

Enid ananyamula nsalu ndi manja awiri. Mudzi unali zii. Akuluakulu anali atakwera lole.

Isagwe pansi. Isakhudze kanthu.

Atafika pa mkuyu, anamva munthu akubuula. Anali Che Atumani, nkhalamba yosema mabwato. Iwo ankapemphera kumzikiti. Nkhwangwa inali itawatema mwendo. Magazi anali chuchuchu.

"Mwanangu, kaitane anthu."

"Kulibe anthu, agogo. Onse apita."

Enid anaika nsalu paphewa. Anavula mpango wake. Anamanga pabalapo. Koma mpango unali waung'ono. Unanyowa msanga. Magazi sanasiye.

Enid anayang'ana nsalu. Anayang'ana mwendo.

"Ayi, mwanangu," anatero Che Atumani. "Imeneyo ndi ya kutchalitchi kwanu. Akakukalipira."

Mawu awo anali otsika. Maso awo anayamba kutsinzina.

Enid anatambasula nsalu ija. Anakulunga mwendo. Anamanga zolimba. Nsalu yoyera inafiira psuu. Magazi anachepa. Kenako anasiya.

Enid anathamangira kutchalitchi chimanjamanja.

"Nsalu ili kuti?" anafunsa Abambo Oswald.

"Sole, Abambo. Ili pamwendo pa Che Atumani. Adzitema ndi nkhwangwa."

Abambo anathamangira panja. Analiza njinga yamoto. Anakatenga Che Atumani n'kupita nawo kuchipatala.

Enid anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde. Anadikira. Sanadye. Anadikirabe.

Amayi anabwera ali fumbi lokhalokha. Posakhalitsa Abambo nawonso anafika. M'manja mwawo munali nsalu yofiira.

Amayi anagwira pakamwa. "Enid, wachita chiyani iwe?"

Enid anawerama. Misozi inagwa pansi.

"Mayi, musamukalipire," anatero Abambo. "Che Atumani ali moyo. Awasoka bwinobwino. Popanda nsaluyi, bwenzi tikunena zina."

"Nanga guwa mawa, Abambo?"

"Mawa guwa likhala lopanda nsalu. Anthu ndiwauza chifukwa chake."

Enid anadzutsa mutu. "Koma ndaidetsa. Inali yopatulika."

"Ikadali yopatulika, mwanangu. Lero yatumikira Mulungu pansi pa mkuyu. Iwenso watumikira."

Abambo atapita, amayi anatulutsa sopo. Anatulutsanso beseni lochapira nsalu za m'tchalitchi. Beseni limeneli Enid anali asanalikhudzepo.

"Bwera kuno. Tichape tonse."

Amayi anagwira mbali iyi. Enid anagwira mbali iyo. Anachapa. Anatsukuluza. Anachapanso.

Kabanga kamodzi kanakana kuchoka. Enid anakatikita. Anakatikitanso.

"Kasiye kameneko," anatero amayi akumwetulira. "Yanika nsalu. Tiye tikadye."