Undidye, Tahlia!

Tahlia ankafuna tchuthi chosangalatsa. Ankafuna kusambira kumtsinje. Ankafuna kukwera njinga ndi mnzake Fergus.

Koma tchuthi cha Khirisimasi chinabwera ndi moto wolusa. Kwawoko nthawi imeneyi kumatentha ndi kuuma. Moto unali m'mapiri. Moto unali m'nkhalango. Utsi unali paliponse.

Dzuwa linali lofiira. Kunja kunkatentha kwambiri. Phulusa linkagwa pa udzu. Mbalame sizinkalira.

"Lero palibe kutuluka," anatero Amayi. "Utsiwu ndi woipa."

Mawa lake ananenanso zomwezo.

Ababa kunalibe. Anali kumapiri ndi anzawo. Ankazimitsa moto. Tahlia ankawasowa kwambiri.

Tsiku lina masana kunabwera galimoto. Inali mbuu ndi phulusa. Munatuluka Fergus ndi amayi ake, Anti Noela. Fergus ananyamula kachikwama kamodzi. Anti Noela ananyamula mphaka m'katoni.

Amayi anathamangira panja. Anawakumbatira Anti Noela. Onse awiri analira.

"Nyumba yapita," anatero Anti Noela. "Yapsa yonse."

"Lowani, anzanga," anatero Amayi. "Kuno ndi kwanu."

Kale Fergus anali mwana waphokoso. Ankaseka mokweza. Ankakonda kusereula anzake. Koma tsopano anangoti chete. Anakhala pampando. Anayang'ana pansi.

Anthu oyandikana nawo anabwera. Wina anabweretsa malaya. Wina anabweretsa nsapato. Wina anabweretsa keke.

"Pepa, Fergus," anatero woyamba.

"Pepa, Fergus," anatero wachiwiri.

Onse ankayankhula motsitsa mawu.

"Zikomo," ankatero Fergus. Sankanena china.

Amayi anamuitanira Tahlia kukhitchini.

"Mnzakoyu mtima ukumupweteka," ananong'ona. "Umusamale. Usamukhumudwitse. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Tahlia anaganiza. Kusambira sikukanatheka. Kukwera njinga sikukanatheka. Ndiye anatsegula kabati. Anatulutsa bokosi la dirafuti.

Thabwa lake linali lakale. Tosewerera tinali tozungulira ngati mabatani. Tina tinali tofiira. Tina tinali takuda. Ana awiriwa ankatitchula kuti asilikali.

"Fergus, tisewere?"

Fergus anakweza mapewa. Koma anabwera patebulo.

Tahlia anatenga asilikali ofiira. Fergus anatenga akuda. Tahlia anasuntha. Fergus anasuntha.

Fergus ankasuntha osayang'ana bwino. Maganizo ake anali kutali. Posakhalitsa anasiya mpata.

Tahlia anauona mpatawo. Akanatha kudya asilikali awiri. Dzanja lake linanyamuka. Kenako anakumbukira mawu a Amayi. Dzanja linabwerera. Anasuntha msilikali wina wakumbali.

Fergus anapambana. Koma sanamwetulire.

Mawa lake utsi unali pomwepo. Mawindo anali otseka. Zitseko zinali zotseka. Anti Noela ankangoimba foni. Akamaliza, ankakhala duu.

Ana anaseweranso. Tahlia anaonanso mpata. Anaulekanso. Fergus anapambananso. Koma sanamwetulire.

Pa chakudya cha masana Amayi anadula chivwende. Chidutswa chachikulu anapatsa Fergus.

"Zikomo, Anti," anatero Fergus. Analuma kamodzi. Kenako anachisiya.

Tahlia anada nkhawa. Mnzake ankapambana. Nanga bwanji sankasangalala?

"Mwina ndimulole apambane kwambiri," anaganiza.

Atadya, anayalanso thabwa. Tahlia anasuntha. Fergus anasuntha. Kenako Fergus anachita chachilendo. Anatenga msilikali wake. Anamuika patsogolo penipeni pa msilikali wa Tahlia. Anachita dala. Ndipo anamuyang'ana Tahlia m'maso.

Tahlia ananamizira kusaona. Anagwira msilikali wina.

"Undidye," anatero Fergus.

"Ha?"

"Undidye, Tahlia! Suli wakhungu."

"Sindinaone," anatero Tahlia.

"Bodza! Waona. Dzulonso unaona. M'mawa mujanso unaona."

Tahlia anachita manyazi. Makutu ake anatentha.

"Ndimafuna usangalale," anatero motsitsa mawu.

"Usandiyankhule choncho!" anakuwa Fergus. "Aliyense akundiyankhula choncho. Pepa, Fergus. Tenga, Fergus. Idya, Fergus. Iwenso?"

Anakankha thabwa lija. Linagwa pansi, phuu! Asilikali anabalalika. Ena anagubudukira pansi pa mpando. Ena anagubudukira kukhitchini.

Fergus anathawira kuchipinda chochapira zovala. Anatseka chitseko. Mphaka wawo, Bisiketi, anali momwemo.

Tahlia anagwada pansi. Anayamba kutola asilikali. Misozi inkadontha. Anatola wofiira. Anatola wakuda. Anapukuta mphuno.

Munthu wina anagwada pambali pake. Anali Anti Noela. Nawonso anayamba kutola.

"Pepani, Anti," anatero Tahlia. "Ndamukhumudwitsa."

"Wachita chiyani, mwanawe?"

"Ndimamulola kupambana."

"Ooo," anatero Anti Noela. Anakhala pansi. Anatambasula miyendo.

"Kodi ndalakwa?" anafunsa Tahlia.

"Unafuna zabwino," anatero Anti Noela. "Anthu onse akufuna zabwino. Malaya ndavalawa si anga. Nsapatozi si zanga. Ndikuthokoza ndithu. Koma kunena zikomo tsiku lonse kumatopetsa."

Tahlia anamvetsera.

"Moto watenga bedi lake," anatero Anti Noela. "Watenga mabuku ake. Koma nzeru zake sunatenge. Zili m'mutu mwake momwemo."

"Ndiye nditani?"

"Kale unkasewera naye bwanji?"

"Tinkakangana," anatero Tahlia. "Tsiku lililonse."

"Basi," anatero Anti Noela.

Msilikali wakuda mmodzi anasowa. Analowa pansi pa firiji. Tahlia anayesa ndi dzanja. Anayesa ndi tsache. Analephera. Ndiye anatenga chitsekerero cha botolo la mkaka. Chinali chabuluu. Chinakwana bwino.

Tahlia ananyamula thabwa. Anapita kuchipinda chochapira. Sanagogode. Anangokankha chitseko.

Fergus anali pansi. Bisiketi anali pamiyendo pake.

Tahlia anaima patsogolo pake. Kenako anakweza mawu.

"Iwe Fergus! Wabisala eti? Ukuopa?"

Fergus anadzutsa mutu. "Ndiope ndani?"

"Ine. Lero ndikukwapula."

"Iweyo?"

"Ine ndemwe. Utsala wopanda msilikali."

Fergus anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamutsitsa Bisiketi.

"Yala thabwalo," anatero.

Anayala pansi pomwepo. Tahlia anasuntha. Fergus anasuntha. Tahlia anaona mpata. Ulendo uno dzanja silinabwerere.

Pha! Anadya mmodzi.

Pha! Pha! Anadya awiri.

Msilikali wake anafika kumapeto. Anasanduka mfumu. Mfumu ija inadya kutsogolo. Inadya kumbuyo. Inadya ndi chitsekerero chomwe.

Fergus anatsala wopanda msilikali.

Tahlia anachita mantha. Kodi Fergus alira? Kodi akankhanso thabwa?

Fergus anatsinzina diso limodzi.

"Wabera," anatero.

"Sindinabere!"

"Wabera! Ndimayang'ana mphaka ine."

"Usanamizire mphaka! Wagonja basi."

"Tibwereze!" anakuwa Fergus. Mawu ake anamveka mpaka kukhitchini. Amayi anasuzumira pakhomo. Anti Noela anawakoka dzanja. "Asiyeni," ananong'ona.

Masewera achiwiri anatenga nthawi. Fergus anagona chafufumimba. Anaika chibwano m'manja. Anayang'ana thabwa osaphethira. Anaganiza. Anaganizanso.

Kenako anasiya msilikali mmodzi poyera.

"Mwayi wanga!" anatero Tahlia. Pha! Anamudya.

Unali msampha.

Pha! Pha! Pha! Fergus anadya atatu.

"Ndakupatsa mmodzi, ndadya atatu!" anakuwa. "Dyera, Tahlia! Dyera lakupweteketsa!"

Fergus anaseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba. Kenako kuseka kuja kunasintha. Misozi inatuluka.

Tahlia sananene kuti pepa. Anangosendera pafupi.

"Njinga yanga ija inasungunuka," anatero Fergus. "Amayi anaiona pachithunzi."

"Yobiriwira ija?"

"Eya."



"Nkhuku zanga ndinazitsegulira khola," anatero Fergus. "Tinalibe malo m'galimoto. Ndinaziuza kuti thawani. Kaya zinathawa."

"Kaya," anatero Tahlia. Nayenso sankadziwa.

Bisiketi anabwera. Anaponda pathabwa. Tahlia anamuchotsa.

"Ndiye ukulira kapena ukusewera?" anafunsa.

"Zonse," anatero Fergus. Anapukuta maso ndi malaya. Anasuntha mfumu yake. Ndipo anapambana. Uku kunali kupambana kwenikweni.

Kuyambira tsiku limenelo thabwa silinabwerere m'kabati. Panja utsi unali pomwepo. Kutuluka kunalibe. Ndiye ankasewera m'mawa. Ankasewera masana. Nthawi zina ankapambana Tahlia. Nthawi zina ankapambana Fergus. Nthawi zonse ankakangana.

Amayi nawo anayesa. Anagonja msangamsanga.

"Dzanja langa linaterereka," anatero.

"Bodza, Amayi!" anatero Tahlia.

Kenako Anti Noela anakoka mpando.

"Tasendera uko, Fergus," anatero. "Ndikuphunzitse."

Anti Noela anali oopsa! Anamudya Fergus. Anamudya Tahlia. Anawadya Amayi kawiri. Sanamvere chisoni aliyense. Masaya awo anafiira. Anaiwala foni yawo pampando.

Loweruka masana chitseko chinatseguka. Analowa Ababa. Nkhope yawo inali bii. Maso awo anali ofiira. Ankanunkha utsi.

"Ababa!" Tahlia anawalumphira.

"Moto wakumapiri tauthetsa mphamvu," anatero Ababa. "Subwera kuno."

Amayi anapumira m'mwamba. Anti Noela anaphimba nkhope ndi manja.

Ababa anaona Fergus. Anagwada pafupi naye. Anatsitsa mawu.

"Fergus, mwana wanga, pe…"

"Ankolo," anadula Fergus, "mumatha dirafuti?"

Ababa anadabwa. Anayang'ana Amayi. Amayi anagwedeza mutu movomereza.

"Ine?" anatero Ababa. "Ndinayamba kusewera iwe usanabadwe."

"Ndiye khalani apa tione."

Ababa anasamba m'manja. Anakhala patebulo. Amayi anabweretsa buledi ndi masoseji. Anadula chivwende china. Onse anazungulira thabwa. Fergus anadzitengera chidutswa chachikulu yekha.

Ababa anasuntha. Fergus anasuntha. Ababa anadya mmodzi. Fergus anadya awiri.

"Mwanayu ndi wankhanza!" anatero Ababa.

"Watengera ine," anatero Anti Noela.

Inafika nthawi ya Ababa. Ananyamula msilikali. Anayang'ana thabwa. Anaganiza. Anaganizabe. Mutu wawo unatsika pang'onopang'ono.

"Ababa, sunthani," anatero Tahlia.

Kunamveka nkonono.

Ababa anali atagona, msilikali ali m'manja.

Tahlia anagwira pakamwa. Amayi anabweretsa pilo. Anti Noela anafuna kuchotsa thabwa.

"Ayi, Amayi, musakhudze!" ananong'ona Fergus. "Asiyeni apume kaye. Akadzuka ndiwamalize."

Onse anaseka chamumtima kuti Ababa asadzuke. Koma Fergus analephera kudzigwira. Anathawira kukhitchini. Tahlia anamutsatira. Kumeneko awiriwo anaseka mokweza.