Nyimbo ya Mbalame Ziwiri

Munthuyo anangotulukira pakhomo la chipinda choimbira, chikwama paphewa, osanena kumene wachokera. Anapeza Kamadamu akulimbana ndi gitala wa sukulu woduka zingwe. Kamadamu linali dzina limene ana anamupatsa, poti anali wochepa thupi komanso anali asanamalize maphunziro a uphunzitsi wa nyimbo. Koleji inamutumiza pasukulupo kuti akayesere kuphunzitsa.

"Gitala samukalipira, amamunyengerera," anatero mlendoyo, akumulanda chidacho mwaulemu.

Atamufunsa dzina, anangoseka. Anati dzina silikonza gitala, azingomutchula Wazingwe.

Kuyambira pamenepo ankabwera ana akaweruka. Ndiye anamuululira Kamadamu kuti ankayambira nyimbo pamwamba kwambiri, n'chifukwa chake ana ankathera mawu pakati pa vesi. Foni ya Kamadamu nayo inayamba kusowa mtendere. "Njiwa yanga, wadzuka bwanji?" "Mtima wanga uli ndi chingwe chimodzi, wochikhudza ndiwe."

Madzulo ena anamuimbira nyimbo yofatsa, ya mbalame ziwiri zomanga chisa mvula ikugwa. "Iyi ndapekera iwe wekha," analumbira. "Palibe khutu lina laimvapo."

Mnzake wogona naye chipinda anamuchenjeza kuti mwamuna wopanda dzina ali ngati basi yopanda chikwangwani, umadziwa kumene imapita utafika kale. Kamadamu anayankha kuti wansanje sasowa chonena.

Tsiku la mayeso linafika. Mayi Woyendera, mphunzitsi wa ku koleji, anayenera kukhala kumbuyo kwa kalasi, osatsegula pakamwa, kuonerera phunziro lonse. Akanapanda kukhutira, Kamadamu akanabwereza chaka. Lamulo linali lakuti aphunzitse nyimbo imene ana sanaimvepo. Nanga yatsopano kuposa yakeyo ikanachokera kuti? Kamadamu sanamuuze Wazingwe, ankafuna adzamudabwitse.

Anayambira pansi, monga anaphunzirira. Anaimba mzere woyamba, ana anabwereza. Anawagawa magulu awiri, mbalame yaimuna ndi yaikazi. Zinkayenda bwino, mpaka maso ake anagwera kumbuyo.

Milomo ya Mayi Woyendera inkayenda. Inkatchula mawu a vesi lachiwiri, limene Kamadamu anali asanalifike.

Mayiwa aidziwira kuti? Nyimbo inaima, ana anayamba kuyang'anana. Kamadamu anaganiza zothawa. Koma athawe chifukwa cha ndani? Anamenya zingwe mwamphamvu, nauza ana kuti akweze mawu mpaka denga limve. Anaimba mpaka belu linalira.

Ana atatuluka, Mayi Woyendera anamufunsa motsitsa mawu kumene anaitenga nyimboyo. Kamadamu anadzutsa mutu, nati anamupekera ndi bwenzi lake.

"Inenso anandipekera," anatero mayiwo. "Ndekha."

Chitseko chinatseguka. Wazingwe analowa akumwetulira, monga mwa nthawi zonse.

"Njiwa yanga..."

Onse awiri anatembenuka.

Kumwetulira kuja kunafota. Anayamba kukamba za gitala amene amayenera kuonedwanso, za kusamvetsetsana, za nyimbo zimene zimafanana. Kamadamu sanamuyang'ane n'komwe. Misozi inali pafupi, koma analumbira mumtima kuti mwamunayu saiona.

"Mayi," anatero, "za mtima wanga musaziike m'mayeso. Mwabwera kudzaona phunziro. Ana aimba kapena sanaimbe?"

Mayi Woyendera anapukuta magalasi awo.

"Aimba, mwana wanga. Aimba kuposa mwini wake. Wakhoza."

Apo m'pamene Kamadamu anamuyang'ana Wazingwe. Anamuuza kuti nyimbo ija sangaitengenso. Tsopano ndi ya ana, adzaiimba m'misewu, m'mabasi, pansi pa zenera lake lomwe, ndipo mkazi aliyense amene adzamulonjeze kuti wamupekera yekha adzakhala ataimva kale.

"Wokondedwa, tandimvera..."

"Ndinakumverani kokwanira. Chatsala chimodzi. Dzina lanu ndani?"

Mwamunayo anayang'ana pansi. Anayankha ndi Mayi Woyendera, akunyamula chikwama chawo.

"Ndinawatuma ndine kuti azikonza zida m'sukulu za ophunzira anga. Kunja kuno sindidziwa amadzitcha ndani. Kunyumba ndi bambo a ana anga."