Macheka Amene Ankalira M'thumba

Nyumba imene ndikunenayi inali ya mtendere, moti mphaka ndi makoswe ankapatsana moni pakhomo. Bambo a m'nyumbamo anali kalipentala, mayi anali telala wosokera pakhonde, ndipo mwana anali mmodzi yekha, mnyamata wa zaka makumi awiri amene anamaliza sukulu n'kukhala pansi kudikira ntchito ya taye. Madzulo alionse ankapemphera atatu. Bambowo ankatsogolera mokuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu, chifukwa macheka amagetsi anali atawagonthetsa makutu.

Makutuwo ndi amene anabweretsa nkhani. Foni yawo inkalira m'thumba la ovolosi mpaka kusasa mawu, iwo osamva kanthu. Ofuna mipando ankatopa n'kupita kwina.

Tsiku lina akumwa tiyi, mnyamatayo anati, "Ababa, shopu yathu ikufunika nambala ya ofesi."

"Ya chiyani?"

"Ya ofesi! Pa intaneti pali makampani ogulitsa manambala. Umasankha yoyamba ndi manambala a tauni yathu ino, yooneka ngati ya foni ya pa tebulo. Koma ilibe waya. Izilira pa foni yanga ya m'manjayi, bola mukhale data. Ndiziyankha ndine."

"Yopanda waya, yopanda tebulo, izikhala pati?"

"M'malere."

Bambowo anakanda chibwano. "Ine mwendo wa mpando ndimauika pansi. Zam'malere sindizidziwa. Koma yesa, mwanawe."

Anayesadi. Analemba dzina la shopu ndi msewu wake, anajambula chiphaso cha bizinesi n'kutumiza, kenako panatuluka mndandanda wa manambala wautali ngati msewu wa njanji. Anasankha yothera ndi ziro atatu kuti ngakhale gogo aisunge pamtima. Panalinso malo ojambulira moni. Anadzitsekera m'bafa n'kubwereza kakhumi ndi kamodzi, akunenepetsa mawu: "Mwaimba ku ofesi yathu ya mipando, chonde dikirani." Aneba anamva kudzera pa zenera, ndipo kutacha dzina lake linali litasintha. Aliyense ankangoti Manijala.

Bambo ake anamukhomera katebulo pakona ya shopu, pafupi ndi mulu wa matabwa, n'kulemba nambalayo pa chikwangwani ndi penti yofiira.

Tsiku loyamba kupita ku ntchito, mayi ake anamukokera pakhonde.

"Iwe, tamvera. Za nambala zakozo n'zabwino, koma ine ndavomera chifukwa china. Bambo ako ali ndi bipi, ndipo shopu ili kutali, kumapeto kwa tauni. Akagwa m'menemo ali okha, awaona ndani? Uzikhala pomwepo. Masana alionse ndiziimba kufunsa ngati amwa mankhwala."

"Musadandaule, Amayi. Ine ndine guluu. Pomwe mwandimata ndi pomwepo."

Mwezi woyamba analidi guluu. Foni inkalira, iye n'kuyankha mwaulemu wa m'banki. Anthu ataona nambala ya ofesi anayamba kuganiza kuti shopuyo ili ndi makwerero ndi mlonda. Kunabwera oda ya madesiki a sukulu, ya mabenchi a tchalitchi, ndi ya kabedi ka khanda lomwe linali lisanabadwe.

Koma utuchi unkamulowa m'mphuno, ndipo nthawi m'shopu inkayenda ngati yathyoka mwendo.

M'pamene anatulukira Mawaya. Ameneyu anali wokonza mafoni, mnzake wa kusukulu, ndipo ankayenda ndi timawaya m'matumba monse, tina tili lendelende m'khosi. Anaima pakhomo n'kuyang'ana katebulo kaja.

"Aise Manijala, amenewa ndiye maofesiwo? Wachita kuoneka ngati mkate wogwera mu ufa."

"Ndili pa ntchito, aise."

"Ntchito yake iti? Nambala yako ilibe waya, koma mwini wake ali pa chingwe! Imeneyi imalira paliponse pomwe pali netiweki. Tiye ku bala ya kuseri kwa siteji ya basi, kuli tebulo la puulu latsopano. Foni ikalira uyankhira konko."

"Amayi amaimba masana. Akapanda kumva macheka adziwa."

Mawaya anaseka mpaka timawaya tinagwedera. "Macheka? Bweretsa kuno."

Anatulutsa kafoni kakale kosweka galasi, n'kujambula phokoso la shopu kwa mphindi zisanu: macheka akulira, hamala ikugogoda, ngakhale chifuwa cha bambo aja chinalowa momwemo.

"Ndakupatsa shopu ya m'thumba," anatero. "Usandithokoze. Ungondigulira kamodzi kozizira."

Manijala anapita kwa bambo ake n'kuwakuwira m'khutu kuti akukasaka makasitomala m'tauni.

"Makasitomala si aja akubwera okha pa foni?"

"Akuluakulu amafuna kuwaona pamaso, Ababa. Koma musawauze Amayi, angadandaule ndi za basi."

Bambowo anali munthu wofewa mtima ngati thabwa la paini. Anangoti, "Usachedwe."

Tsiku loyamba anachoka ola limodzi. Sabata yotsatira, theka la tsiku. Pofika mwezi wachitatu ankangofika m'mawa, kupukuta katebulo kake, n'kusowa ngati utsi. Ku puulu kuja aliyense anadziwa lamulo lake: foni ya ofesi ikalira, wailesi izime, anthu atseke pakamwa. Iye ankasindikiza kafoni kosweka kaja, macheka n'kuyamba kulira pakati pa mabotolo, ndodo ya puulu ili m'khwapa.

"Inde bwana, tebulo lanu ndi limene tikuchekali, mukumva nokha."

Akadula, bala yonse inkagwa ndi phwete. Ena amati tsiku lina mwini bala anapezadi utuchi pansi pa tebulo la puulu, koma zimenezo sindinazione ndi maso.

Bambo ake anamuchenjeza kamodzi, akupala thabwa, osamuyang'ana. "Mwanawe, mayi wa kabedi uja wabwera. Akuti unamuuza kuti tamaliza. Ine sindinadule ngakhale mwendo umodzi. Pakamwa pako pakuthamanga kuposa manja anga."

"N'zamalonda zimenezo, Ababa."

"Kwathu timati bodza."

Mayi ake nawo anali ndi maso a telala, oona ulusi umodzi wosokonekera pa diresi lonse. Madzulo ena anatola nsapato zake pakhomo n'kuzitembenuza.

"Bambo ako akabwera ndimasesa utuchi mpaka kuchipinda. Iwe nsapato zako bwanji zili mbee? Nanga choko cha buluu pa mkono wa malaya chachokera kuti?"

"Timalembera miyezo pa matabwa, Amayi."

"Zaka makumi atatu bambo ako amalembera pensulo ya kukhutu." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ine ungandipusitse, ndine munthu. Koma pali Wina amene safuna nambala kuti adziwe pomwe uli."

Mukuganiza kuti anasiya? Anangoyamba kuyenda ndi kajumbo ka utuchi. Akafika pakona ya kwawo ankadziwaza m'mutu, m'mapewa ndi m'nsapato, ngati nyama yothira mchere, n'kulowa m'nyumba akubuula ndi msana.

Lachinayi lina bambo ake anadzuka mutu ukuwawa.

"Bwanji osagona lero, bambo ake mwana?" anatero mayiwo.

"Madesiki a ana asukulu sadzikhoma okha."

Mayiwo anatembenukira kwa Manijala. "Lero usawachoke ngakhale kupita kukagula ndowe ya madzi. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Anakhaladi mpaka cha m'ma naini. Kenako Mawaya anatumiza uthenga kuti kwabwera anyamata a kutsidya kwa njanji odzitama pa puulu. Manijala anayang'ana bambo ake. Anali atawerama pa benchi, akuyeza thabwa, bwinobwino ndithu. Anadziuza kuti ola limodzi lokha, n'kutuluka chamyaa.

Masana dzuwa lili paliwombo, iye atatsala ndi mpira wakuda wokha, foni ya ofesi inalira. Anakweza dzanja, bala inati zii, macheka anayamba kulira m'thumba.

"Halo, Amayi."

"Amwa mankhwala?"

"Amwa kalekale."

"Mutu uja bwanji? Mtima wanga sukukhazikika. Foni yawo ndaimba kanayi."

"Si mukuwadziwa, samva."

"Apatse ndilankhule nawo."

"Manja ali pa makina, Amayi. Mukumva nokha."

Pomwepo chifuwa chojambulidwa chija chinakhosomola. Mayiwo anapumira pansi.

"Ndawamva. Ndinali nditavala kale nsapato kuti ndikwere basi ndibwere. Basi, ndikhale ndimalize diresi la eni ake. Uwayang'anire."

Manijala anamenya mpira wakuda uja n'kulowa. Anyamata a kutsidya anafuna kubweza, ndipo anasewera wina, kenako wina. Kuti asamusokoneze, anatchera nambala ija kuti iziyankha yokha ndi moni wa m'bafa uja.

Anabwerera ku shopu cha m'ma folo, kajumbo ka utuchi kali m'manja. Chitseko chinali chotsegula. Benchi inali pomwepo, thabwa lili pansi, pensulo ili pafupi ndi nsapato imodzi ya bambo ake. Panja panaima mayi woyembekezera, mwini kabedi uja.

"Ndinu a Manijala? Ndawapeza bambo anu ali gone pansi apa cha m'ma fili, pakamwa patapotoka. Ndaimba nambala ili pa chikwangwaniyi kasanu. Mawu anu amangondiuza kuti ndidikire. Ndachita kuimitsa galimoto ya eni ake pamsewu kuti iwatengere ku chipatala."

Ku chipatala anapeza mayi ake atakhala pa benchi ya m'khonde, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Pambali pawo panali wowotcherera zitsulo wa shopu yoyandikana ndi yawo, chipewa chili m'manja. Dokotala anali atangochoka. Ananena kuti ndi sitiroko, kuti bambowo anagona pansi maola ambiri, ndipo akanabwera nawo msanga zambiri zikanapulumuka.

"Mundikhululukire, mayi," ankatero wowotchererayo. "Ndikanakhalapo ndikanamva kugwa. Koma magetsi anazima msewu wonse cha m'ma teni, ndiye ndinatseka n'kupita kunyumba. Mpaka pano sanayake."

Mayiwo anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Sanakuwe. Anayang'ana mwana wawo, nsapato zake zoyera, ndi kajumbo kamene anaiwala kutaya.

"Magetsi anazima teni," anatero. "Ine ndaimba thwelofu. Ndiuze, mwana wanga. Macheka aja amalira ndi chiyani?"

Manijala anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kafoni kosweka kaja n'kukaika pa benchi. Anagwada pa simenti ya chipatala anthu akudutsa, n'kunena zonse: puulu, mowa, utuchi, ndi chifuwa chija.

"Ndiye kuti pamene ndimamva akukhosomola," anatero mayiwo, "anali ali pansi."

"Inde, Amayi."

"Ndinali nditavala nsapato."



Bambowo sanamwalire. Anatuluka patapita masabata asanu, mkono wamanja uli lobodo, mwendo ukukwakwaza, mawu akutuluka ngati a munthu wa madzi m'kamwa. Mawaya sanapondeko ku chipatala. Anangotumiza uthenga wofunsa ngati kafoni kake katha ntchito.

Manijala anakapepesa kwa bambo ake ali pa bedi. Bambowo anamuyang'ana, misozi ikutsika mbali imodzi, n'kumugwira mutu ndi dzanja lamanzere. Anamukhululukira. Mayi ake anatenga nthawi yaitali, koma nawonso anafika. Chikhululukiro chinabwera chonse, koma mkono uja sunabwerere.

Lero mukapita ku shopuko mupeza bambowo atakhala pa mpando wa pakhomo, ndodo ili pakati pa miyendo. Pa benchi pali mwana wawo, zala zonse zili ndi mabandeji, akuphunzira pa zaka makumi awiri ndi chimodzi zimene akanaphunzira ali ndi mphunzitsi wa manja awiri. Akalakwitsa muyezo, ndodo imagogoda pansi kamodzi. Akalakwitsanso, kawiri. Mpando woyamba umene anapanga unali wopendekera moti munthu akakhalapo amapezeka akuyang'ana kumene wachokera. Bambowo anauona n'kuseka ndi theka la pakamwa, ndipo mnyamatayo anapita kuseri kwa matabwa kukalira.

Tsono inu achinyamata, ndimvereni bwino. Nambala ija sinalakwe. Ndi chida chabwino, ndipo ambiri akudya nacho moona mtima. Chinalakwa ndi ulesi umene unafuna kuchoka pa malo, ndi bodza limene linatsala pa mpando m'malo mwa mwini wake. Makolo akakuikani pa malo, mwina pali chimene akuopa chimene inu simukuchiona. Khalani pomwepo, ndipo akakufunsani muli kuti, nenani pomwe mwaima. Bodza limene mukuseka nalo lero lidzakhulupiriridwa tsiku limene munthu wanu adzakhale ali pansi, ndipo lidzabweza pakhomo amene akanamudzutsa.