Galimoto Yosaponda Mchere

M'mawa wa Lolemba pa 13 Januwale 2014, Shauna Bartz anaima panja pa nyumba yawo ku Saginaw akupala madzi oundana pagalasi la kagalimoto kake. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mimba inkamuletsa kufikira pakati pa galasilo. Kumbuyo kwake kunali galaja youma, yotsekedwa bwino. M'menemo munkagona galimoto ya mwamuna wake, Curtis.

Inali Chevelle ya 1970, yofiira, ya zitseko ziwiri, ya injini yaikulu moti ikalira agalu a mumsewu wonse ankauwa. Malemu a Vernon, bambo ake a Curtis, anaigula yatsopano atangoyamba ntchito ku fakitale. Atamwalira mu 2011 anaisiyira mwana wawo mmodzi yekhayo, pamodzi ndi lamulo lake: galimotoyi siponda mchere. Kuyambira Novembala, pamene malole amayamba kuthira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, mpaka mvula ya mu Epulo itatsuka misewuyo, galimoto inkachotsedwa batire, n'kufunditsidwa chinsalu. Mchere umabweretsa dzimbiri. A Vernon ankakonda kunena kuti lamulolo analiswa kamodzi kokha, mu Januwale 1984, pokatenga Curtis kuchipatala atangobadwa.

Lolemba limenelo kagalimoto ka Shauna sikanalire. Makaniko ataona anati injini yatheratu. Pakhomopo panatsala pikapu ya kuntchito kwa Curtis, ya mpando umodzi wautali kutsogolo, yopanda wakumbuyo.

Lamlungu lotsatira kunabwera a Lorraine, amayi ake a Curtis, kudzadya nawo chakudya chamasana monga mwa nthawi zonse. Shauna anadikira mpaka mbale za nyama ndi mbatatesi zitachoka patebulo.

"Ndalankhula ndi wogulitsa magalimoto," anatero. "Akuti tikapita ndi Chevelle atisinthira ndi galimoto ya zitseko zinayi, ya banja. Akungofuna aione kaye."

A Lorraine anaika kapu ya khofi pansi pang'onopang'ono. "Walankhula ndi ndani? Za galimoto ya ndani?"

"Ya mwamuna wanga, Amayi."

"Ya mwamuna wanga ine. Iweyo wabwera dzulo lomweli, lero ukugawa za malemu?"

"Sindikugawa kanthu. Mwana akubwera mwezi wamawa. Ndimunyamula pa chiyani? Pa njinga?"

"Ana akhala akubadwa iwe kulibe."

Shauna anatembenukira kwa Curtis. Iye anali akupinda kansalu kopukutira m'manja, n'kukapindanso.

"Lankhula," anatero Shauna. "Pakamwa uli napo."

"Si kuti ndakana, Shauna. Koma ukudziwa kuti imeneyi ndi galimoto yoyamba imene ndinakwera pa moyo wanga. Tiyeni tidikire Epulo. Ngakhale titafuna kukaionetsa lero, ikafika bwanji kumeneko? Misewu yonse mchere wokhawokha."

"Ndiye mwana ndimuuze adikire Epulo?"

"Ndipeza njira."

"Njira yako ndi iti? Zaka zitatu ndikupala galasi panja ngati wolipira lendi, chitsulo chili m'chipinda chake chofunda bulangete. Ine ndikatsokomola sufunsa. Chija chikadontha kadontho ka oilo, sudya."

"Ulemu, mtsikana iwe," anatero a Lorraine.

Shauna anaimirira movutikira, nalowa kuchipinda, namenyetsa chitseko. Analira atakhala m'mphepete mwa bedi, akumva apongozi ake akuuza Curtis kuti mkazi wapakati salankhula za mumtima, zimangokhala za mimba.

Mwana sanadikire. Anabadwa Lachiwiri pa 4 Febuluwale, wamkazi, ndipo anamutcha Noreen. Lachinayi masana adokotala anawalola kutuluka. Monga amachitira ndi aliyense, namwino anatsika nawo mpaka pakhomo la chipatala kuti aone mpando wa mwana utamangidwa bwino m'galimoto. Shauna anali pa njinga ya odwala, khanda lili pachifuwa. Kutsogolo kwawo kunaima pikapu, ndipo m'katimo munakhala a Lorraine, chikwama chili pamiyendo.

Namwino anasuzumira m'pikapumo, napukusa mutu. "Pepani bambo, muno ayi. Mpando wa khanda suikidwa kutsogolo. Thumba la mpweya loteteza okhala kutsogolo lija likaphulika pangozi lingamuphe. Mulibe ina ya mpando wakumbuyo?"

"Ndi pafupi," anatero Curtis. "Ndiyendetsa pang'onopang'ono."

"Amufukate pamiyendo basi," anatero a Lorraine akutsika. "Tipanikizana. Vuto lili pati?"

"Sindingalole zimenezo, mayi."

Shauna anayang'ana mwamuna wake. Mphepo inkawomba kuchokera kumene amaimika magalimoto, ndipo iye anaphimba nkhope ya mwana ndi dzanja.

"Njira ija ndi imeneyi?" anafunsa.

"Ndimaganiza kuti mpandowo ukwana pakati."

"Umaganiza. Curtis, kunyumba kuli galimoto ya mpando wakumbuyo. Pita, kabwezere batire, ubwere nayo. Ndikudikira m'kati."

Curtis anayang'ana msewu, umene unali woyera ndi mchere, kenako anayang'ana amayi ake.

"Ndinakuuza kale m'mawa," anatero a Lorraine. "Galimoto ija situluka."

"Amayi, sindikulankhula ndi inu," anatero Shauna.

"Koma ine ndikulankhula ndi iwe. Ukufuna dzimbiri lidye chinthu chimene mwamuna wanga anasamala moyo wake wonse, chifukwa cha ulendo wa mphindi zochepa?"

Maso a Shauna anali pa Curtis. "Bambo ako anaitulutsa chifukwa cha iwe. Wakhala ukundiuza nkhani imeneyi chikwatiranireni, paukwati unainena, pamaliro unainena. Uyu si mwana? Kapena chifukwa ndi wamkazi?"

"Anaitulutsa ndani?" anatero a Lorraine. Mawu awo anakwera moti bambo wina amene ankalowa m'chipatala anacheuka. "Vernon sanaitulutse. Sanaitulutsepo n'kamodzi komwe. Ine ndinabwera ndi uyu pa basi. Ndinamukulunga m'bulangete, ndinaima pa siteji chipale chikugwa, ulusi wa adokotala uli m'thupi, ndipo sindinadandaule kwa munthu. Bambo ake anatipeza kunyumba madzulo ataweruka. Ine ndinapirira. Iwe ndiwe ndani woti usapirire?"

Namwino anayang'ana pansi.

"Pa basi?" anafunsa Curtis.

"Inde, pa basi. Unafa?"

"Koma Adadi ankati…"

"Bambo ako ankanena zambiri akamwa mowa ndi anzawo a magalimoto. Ndikanawatsutsa pagulu?"

"Zaka zonsezi munkangomvetsera?"

"Ndinkasunga ulemu wa nyumba, chinthu chimene mkazi wakoyu sachidziwa."

Shauna anatulutsa foni m'thumba la jekete. Anaimbira Denise, mkulu wake wa ku Bay City, namuuza kuti abwere ndi galimoto yake. Kenako anapempha namwino kuti amubwezere m'kati.

"Ndamva, Amayi," anatero njinga isanatembenuke. "Inu munaima pa siteji, ndiye mukufuna nanenso ndiime kuti kuima kwanu kukhale ndi tanthauzo. Pepani. Ine sindiima." Anayang'ana Curtis, misozi ikutsika. "Chotsa mpando wa mwanayo uusiye pakhomo apa. Denise akafika sindipita kwanu. Ndipita kwake. Iwe pita ukagone ndi mkazi wako wamkulu m'galaja."

"Shauna, chonde, usandichite zimenezi pamaso pa anthu."

"Wadzichita wekha. Wabwera kudzatenga anthu awiri ndi malo a munthu mmodzi."

Kwa Denise anamupatsa chipinda cha ana, anawo n'kusamukira pabalaza. Curtis anaimba foni madzulo omwewo, anaimbanso Lachisanu. Shauna sanayankhe. Denise ndiye anayankha kamodzi.

"Alamu, mwana ali bwino, akuyamwa, mayi ake akudya. Kodi galimoto yagona bwanji? Sinatsokomole usiku?" Anadula foni asanamve yankho.

Shauna sanaseke. Anali atayamba kale kuganiza za loya, ndi za ntchito yake ya kusukulu, ngati angathe kumapitako kuchokera ku Bay City. Sankafuna kuti banja lithe. Koma nthawi iliyonse akatseka maso ankaona mayi ataima pa siteji ndi khanda, ndipo nkhope ya mayiyo inkasintha n'kukhala yake.

Loweruka pa 8 Febuluwale, cha m'ma 2 koloko masana, pakhomo pa Denise panaima galimoto yotuwa, yaitali, ya zitseko zotsetsereka, yosakongola konse. Curtis anatsika. Maso ake anali ofiira. Denise anamusiya panja kwa kanthawi asanatsegule.

Shauna anamulandira ataimirira, mwana ali paphewa.

"Yapita," anatero Curtis.

"Wabwereka kwa ndani imeneyo?"

"Ndi yathu. Ndinabwezera batire m'mawa uno, ndinaiyendetsa ndekha mpaka kwa wogulitsa uja. Mchere unafika mpaka m'magalasi." "Ndinalira njira yonse, Shauna, sindikubisa. Ndinalira chifukwa cha galimotoyo, ndinaliranso chifukwa cha Adadi. Sindikudziwa kuti ndawakwiyira kapena ndawasowa."

"Ine sunandilirire?"

"Iwe ndinakulakwira. Kulira sikukwanira."

"Amayi ako anati chiyani?"

"Anaima pakhomo la galaja atatambasula manja. Anati ndagulitsa manda a bambo anga. Ndinawauza kuti achoke ndingawagunde. Anachoka."

Shauna anapereka mwana kwa Denise, navala jekete, natuluka. Anatsegula chitseko chakumbuyo, namanga yekha mpando wa mwana, naugwedeza mwamphamvu uku ndi uku. Curtis atafuna kuthandiza, anamukankha dzanja.

"Sindinakukhululukire," anatero. "Ndikubwerera chifukwa mwana ali ndi kwawo. Zinazo tidzakambirana ndikachira."

"Ndavomera."

"Ndipo ukadzayang'ananso amayi ako ine nditakufunsa funso, ndidzapita osabwerera."

"Ndamva."

Anafika ku Saginaw dzuwa lisanalowe. Pakhonde la nyumba yawo panaima a Lorraine, atavala chikhoti chawo chakuda cha kutchalitchi. Anali atayenda wapansi kuchokera kwawo, ndipo nsapato zawo zinali zonyowa. Kiyi wa nyumbayo anali naye, koma sanalowe. Anayang'ana galimoto yatsopanoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ndiye Vernon mwamusinthanitsa ndi bokosi ili," anatero.

Curtis anatsegula pakamwa, koma Shauna anamuyang'ana, iye n'kukhala chete. Shauna anakwera masitepe pang'onopang'ono atanyamula Noreen, naima maso ndi maso ndi apongozi ake.

"Amayi, zimene anakuchitani a Vernon zinali zoipa. Munayenera kukalipa nthawi imeneyo, kwa iwowo, osati lero kwa ine."

"Usanene za mwamuna wanga."

"Chabwino, sindinenanso. Galimoto yapita ndipo sibwerera. Mdzukulu wanu ndi uyu, simunamunyamulebe. Ine ndikulowa chifukwa kunja kuno kukuzizira. Chitseko sindichisiya chotsegula nthawi yaitali."

Analowa. Curtis anatsatira ndi zikwama. A Lorraine anatsala pakhonde, misozi ikutsika osaipukuta. Shauna anakhala pampando, navula mwana chipewa, osayang'ana kukhomo. Mphepo yozizira inkalowa m'nyumba.

"Curtis, tseka," anatero.

Curtis asanafike pachitseko, a Lorraine analowa, nachitseka okha mwamphamvu mpaka magalasi analira. Sanapereke moni. Anapita kukhitchini, nasamba m'manja ndi madzi otentha, nabwera kudzaima patsogolo pa mpongozi wawo atatambasula manja.

"Bweretsa kuno," anatero. "Wamuveka zopyapyala. Mwana wa mu Febuluwale savala chonchi."

Shauna anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anawapatsa.