Tuva ndi Kagetsi ka Buluu

Tuva amakhala ndi bambo ake mu mzinda wozizira wa Bodø. Tuva ali ndi khumbo limodzi. Akufuna kuti bambo ake azisekanso.

Kale bambo ankaseka kwambiri. Ankaseka ndi Tussi, galu wawo. Koma Tussi anakalamba, kenako anafa. Chingwe chake chikadali pa msomali, kuseri kwa chitseko.

M'khitchini muli kabokosi kolankhula. Dzina lake ndi Piko. Ukati, "Moni Piko," Piko amadzuka. Amayatsa magetsi. Amayatsa wailesi.

Piko amamvetseranso mmene mawu ako akumvekera. Ukasangalala, kagetsi kake kamabiriwira. Ukakwiya, kamafiira. Ukakhala ndi chisoni, kamayaka buluu.

M'mawa wina bambo anati, "Moni Piko, yatsa wailesi."

Kagetsi kanayaka buluu.

"Ababa, muli ndi chisoni?" anafunsa Tuva.

"Ayi, mwanangu. Ndili bwino."

Madzulo bambo anati, "Moni Piko, yatsa magetsi."

Kagetsi kanayakanso buluu.

"Ndili bwino ine," anatero bambo. "Kabokosi aka ndiye kawonongeka."

Abambo a kuno ndi otero. Ngakhale mwendo utathyoka, amangoti, "Ndili bwino."

Tuva anaganiza zomuyesa Piko. Anaseka, nati, "Moni Piko." Kagetsi kanabiriwira. Anakwinya nkhope, nati, "Moni Piko!" Kagetsi kanafiira.

Kenako anayang'ana chingwe cha Tussi. Mtima unamuwawa. Anati chapansipansi, "Moni Piko." Kagetsi kanayaka buluu.

"Iwe Piko sunawonongeke," anatero Tuva. "Iwe sunama."

M'mawa mwake Tuva anatsinzina. Anamvetsera bambo akuitana Piko. Mawu awo anali otsika. Mawu awo anali olema, ngati a munthu wosenza katundu. Tsopano Tuva anamva zomwe Piko amamva.

Linali Lamlungu. Lamlungu aliyense amapita kokayenda ku phiri. Koma chifereni Tussi, bambo sanapitekonso.

Tuva anaika lalanje m'chikwama. Anathira koko mu fulasiki. Chingwe cha Tussi anachibisa m'thumba.

"Ababa, valani nsapato. Tiyeni ku phiri."

"Kunja kukuzizira, mwanangu."

"Kuno kumazizira tsiku lililonse, Ababa. Valani basi."

Bambo anavala nsapato.

Anayenda, anayenda. Anakwera, anakwera. Anafika pa mwala waukulu. Tussi ankakonda kukhala pamenepo.

Tuva anatulutsa chingwe chija.

"Ine ndamusowa Tussi," anatero Tuva. "Nanga inu?"

Bambo anatambasula dzanja. Anagwira chingwe. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanenso ndamusowa," anatero bambo. "Sindili bwino, mwanangu. Ndili ndi chisoni."

Misozi inatsika m'masaya mwa bambo. Tuva anawagwira dzanja. Nayenso analira pang'ono.

Kenako anasenda lalanje. Theka la bambo, theka la Tuva. Anamwa koko wotentha.

"Ababa, mukukumbuka tsiku lija? Tussi anakuberani buledi pamwala pano."

"Ndi tchizi yemwe!" anatero bambo. "Wakuba wamkulu uja. Anandisiyira pepala lokha."

Bambo anaseka. Anaseka mpaka koko anatayikira pa jekete. Tuva anasangalala kwambiri.

Atafika kunyumba, Tuva anavula chipewa chake. Anamuveka Piko. Kagetsi kanabisika.

Bambo anati, "Moni Piko, yatsa magetsi."

Magetsi anayaka.

"Nanga chipewachi bwanji?" anafunsa bambo. "Piko akumva kuzizira?"

"Ayi, Ababa. Lero sindikufuna kuona kagetsi."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndamva kale ndi makutu anga."

Bambo anamunyamula Tuva. Anamukumbatira. Kenako anakweza chipewa pang'ono, nasuzumira.

Kagetsi kanali kobiriwira.