Bwato la Malemu Isake

Tinafika pa mtsinje wa Bua dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, kukhosi kutauma gwa. Munali m'zaka zija akazi sitinkaloledwa kuvala thalauza. Ndiye taganizirani kukwera mapiri a ku Ntchisi chitenje chikukukola m'miyendo, poto pamutu, bulangeti kumsana. Tinali achinyamata a ku Msakambewa, pa ulendo wa kampu nthawi ya tchuthi. Ati tikaphunzire kulimba mtima.

Wotitsogolera anali a Gregorio, mphunzitsi wobwera kumene kuchokera ku tauni. Wezulo pakhosi, nsapato zonyezimira, pakamwa mawu awiri basi: kumvera ndi mwambo. Ukangoti "koma", ankakufunsa dzina la bambo ako ndi mudzi wako. Masiku amenewo funso limenelo linkatseka munthu pakamwa.

Ine Susana ndinali ndi katundu wina woposa poto. Mng'ono wanga Anjelina, wazaka khumi ndi zitatu, wamantha ngati nkhuku. Pochoka amayi anandigwira dzanja nati, "Wapita naye, ubwere naye."

Padooko tinapeza bwato limodzi lokha, litagonekedwa chafufumimba pamchenga. Pamsana pake anathirapo ufa. Pambali panali nkhafi yothyoka pakati. Mayi wina amene ankathirira mpiru m'dimba anaponya ndowa pansi n'kuthamangira kwa ife.

"Ana inu, musalikhudze! Ndi la malemu Isake, amene ankawolotsa anthu pano. Anamira mwezi wathawu. Maliro sanamete, mwini wake sanachoke pamadzi."

A Gregorio anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mayi, dziko likutukuka, inu mukudyetsa bwato ufa?"

Ufa uja anausasa ndi nsapato. Ndi nsapato, anthuni! Anyamata analitembenuza bwatolo, a Gregorio n'kudula nsungwi yopalasira. Mayi uja anangogwira pakamwa n'kutola ndowa yake.

Aphunzitsi anayamba kutiwolotsa pang'onopang'ono. Itafika nthawi yathu, Anjelina anakhala pansi n'kuyamba kulira. Ati sakwera bwato la wakufa. Ndinapempha kuti nditsale naye ndimunyengerere.

"Iwe kwera," anatero a Gregorio. "Bambo ako ndani kodi?"

Ndinakwera. Atawolotsa ena onse, anamangirira bwato kumtengo wa mkuyu, n'kuyang'ana matuza m'manja mwawo.

"Aphunzitsi, mwana uja watsala," ndinawakumbutsa.

"Atsale. Akasiya kulira ndikam'tenga. Aphunzire kumvera."

Mtima wanga unawira. Mwana wa eni, yekhayekha kutsidya, mdima ukugwa, ng'ona zili m'madzimo, bambo wamkulu ndevu pepeya n'kukhala pansi kumamwa tiyi! Ndinapita kumtsinje n'kumafuula, "Anjelina, ndili pano!" Ankayankha. Kenako anasiya kuyankha.

Ndinathamangira pamkuyu paja kuti ndipalase ndekha, zivute zitani. Chingwe chinalipo, mfundo yake ili chimangire. Bwato panalibe.

Ndipamene ndinamva nkhafi. Khuvu. Khuvu. Mosafulumira, ngati munthu wodziwa ntchito yake. Mwezi unali utangotuluka. Bwato linkabwera molunjika, madzi osalikokera kumunsi ngati mmene ankachitira ndi a Gregorio. Kutsogolo kunakhala Anjelina, manja pamiyendo. Kumbuyo kunali munthu wowerama, wopanda malaya, madzi akuchucha m'mutu mwake.

Bwato litagunda mchenga ndinam'kokera mwanayo kunja. Nditadzutsa maso, kumbuyo kuja kunalibe munthu. Panali chabe thabwa lonyowa, ndi fungo la matope a pansi pa mtsinje.

"Wakuwolotsa ndani?"

"Abambo ena ake. Sanandikalipire." Mawu ake anali ozizira, osati a mwana amene wakhala akulira. "Koma akuti iwo sabwerera okha, achemwali. Akawolotsa mmodzi, amabwerera ndi mmodzi. Akuti adikira."

Nditawauza a Gregorio, anati mwana wapalasa yekha ndi manja, ndipo ndikapitiriza kuopseza anzanga nkhani yanga ikathera ku boma. Ndinaluma mano. Pogona ndinamanga nsonga ya chitenje changa ku chitenje cha Anjelina, mfundo ziwiri.

Moto utazilala, kunayamba kugogoda kumtsinje. Go. Go. Go. Nkhafi pa nthiti ya bwato, mmene owolotsa amaitanira anthu ochedwa. Kanthawi zii. Kenako go, go, go.

Chitenje chinandikoka m'chiuno. Anjelina anali ataimirira, maso ali tong'o koma osandiona.

"Akuti ngati palibe wina, ndibwerere ineyo."

Ndinamugwetsa pansi. Kamwana kowonda kaja kanali ndi mphamvu za mwamuna wolima fodya. Kanandikwekwereza mpaka kunja kwa tenti. Ndinakuwa, atsikana anzanga anabwera n'kumukhalira pamiyendo. Kugogoda kuja sikunasiye. Anyamata onse anali maso.

Apo ndiye mantha anandithera, kunatsala ukali wokhawokha. Ndinapita pa tenti ya a Gregorio n'kuigwedeza mpaka zikhomo kuzuka.

"Tulukani! Mukumva kapena simukumva? Ufa munasasa ndinu. Mwana munam'siya ndinu. Lero mwabisala mu bulangeti ngati kamwana kokodzera pamphasa? Bambo anga ndi a Langton a ku Msakambewa, kaneneni kumene mukufuna! Koma poyamba pitani mukam'yankhe mwini bwato!"

Anatuluka. Anayang'ana anyamata aja, anyamata nawo n'kumawayang'ana. Manyazi anapha lambe. Anatola tochi, nati ndi chitsa chabe chikugunda bwato, akachichotsa tione tonse kupusa kwathu.

Tinaona tochi ikutsika kumtsinje. Kugogoda kunaleka. Kenako khuvu, khuvu, kuwala kwa tochi kukuyenda pamwamba pa madzi. Wezulo inalira kamodzi, pakati pa mtsinje. Nthawi yomweyo Anjelina anafooka m'manja mwa atsikana aja n'kugona tulo ngati khanda.

Kutacha tinaliona bwato kutsidya, pamalo pake pomwe paja, chafufumimba. Anthu a m'mudzimo atabwera n'kulitukula, anawapeza a Gregorio pansi pake. Amoyo. Matope m'kamwa, m'makutu, m'matumba. Manja onse awiri atafumbata chidutswa cha nkhafi yothyoka ija, moti amuna anayi anavutika kuwalanda.

Ife tinabwerera wapansi, kuzungulira mpaka pa mlatho, Anjelina ndili chimangirire m'chiuno. Akuluakulu anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti aphunzitsi anadwala malungo aakulu, ndipo wonena zina adzaona. Koma a kumtsinje kuja ankanong'onezana kuti Isake moyo wake wonse sanabwezepo bwato lopanda munthu. Ankatha kudikira tsiku lathunthu kutsidya mpaka wokwera apezeke.

A Gregorio sanaphunzitsenso. Ankangokhala pakhonde kwawo, manja akupalasa m'malere. Abale awo mpaka lero sandipatsa moni. Ati ndine ndinawatuma kumadzi, ati mtsikana wopanda mwambo anawononga munthu wophunzira.

Anene. Palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo anafunsapo kuti mwana anatsala bwanji yekha kutsidya. Ine amayi anandiuza chinthu chimodzi, ndipo nditafika pakhomo ndinamasula mfundo zija pamaso pawo n'kunena kuti, "Amayi, mwana wanu uyu." Bwato lija litagogodanso usiku uno, ndingapitenso pa tenti yomwe ija.