Luwiza ndi Nthano Yopanda Vuto

Luwiza ndi mtsikana wa ku Guilleme. Ali mu Sitandade 4. Luwiza amakonda nthano. Koma nthano zake sizifika kumapeto.

M'kalasi mwawo muli lamulo. Lachisanu mwana mmodzi amaima kutsogolo. Amanena nthano yopeka yekha. Anzake amavomera kuti, "Tili tonse." Akasiya kuvomera, nthano yafa. Mwanayo amakakhala pansi. Basi.

Luwiza anaimapo kale. Anzake anavomera pang'ono. Kenako anasiya. Mnzake wina, Kondwani, anayasamula. Luwiza anakakhala pansi nthano isanathe.

Lachinayi aphunzitsi awo, Madamu Imelda, anati, "Mawa ndi Luwiza kachiwiri. Kumbukirani zofunika. Nthano imafuna mpangankhani. Mpangankhani ndi munthu kapena nyama ya m'nthanomo. Imafuna malo ndi nthawi. Imafuna vuto. Imafuna mathero."

Luwiza anathamangira kunyumba.

Inali nthawi yokolola mtedza. Amayi ankathothola mtedza pansi pa mango. Yankho, mlongo wake wamng'ono, ankathothola nawo.

"Amayi, ndiyeserere nthano yanga?" anafunsa Luwiza.

"Yeserera," anatero amayi. "Koma manja asaime."

Luwiza anakhala pansi. Anatenga mtedza. Anayamba.

"Padangokhala."

"Tili tonse," anavomera amayi ndi Yankho.

"Kunali mtsikana, dzina lake Chikondi."

"Tili tonse."

"Chikondi anadzuka. Anasamba. Anavala diresi lokongola."

"Tili tonse."

"Anamwa tiyi wamkaka. Anadya sikono."

"Tili tonse," anatero amayi okha.

"Anadyanso sikono ina."

Palibe anavomera.

"Yankho, vomera," anatero Luwiza.

"M'kamwa muli mtedza, asisi," anatero Yankho.

Amayi anafunsa, "Kodi Chikondi wakoyo, chikumuvuta n'chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Palibe?"

"Ndimamukonda. Sindifuna kuti avutike."

"Ndiye musiye adye sikono zake," anatero amayi. "Ife tili pa ntchito."

Luwiza anawerama. Anathothola mtedza.

Mwadzidzidzi kunamveka phokoso. Mbuzi ya a Greyson, oyandikana nawo nyumba, inali itadula chingwe. Inathamangira mtedza woyanika pamphasa.

Yankho anadzuka. Anaithamangitsa. Mbuzi inalowa m'khitchini. Inatuluka ndi lichero pa nyanga. Inazungulira nkhokwe. Yankho anazungulira nayo. Anagwa. Anadzuka. Anadumphira chingwe. Anaigwira.

Nthawi yomweyo abambo anafika pa njinga. Yankho anawathamangira.

"Ababa, mbuzi inafuna kutha mtedza wonse."

"Kenako?" anafunsa abambo.

"Inalowa m'khitchini."

"Kenako?"

"Inavala lichero."

"Lichero la amayi ako? Kenako?"

Abambo sanaimike njinga. Anangoigwira. Luwiza anayang'ana abambo. Anayang'ananso amayi.

"Amayi, manja aima," anatero Luwiza.

"Ndikumvetsera za mbuzi."

"Koma mbuziyo munaiona nokha."

"Iwe, thothola mtedza," anatero amayi. Koma ankaseka.

Luwiza anaganiza. Mpangankhani anali Yankho. Malo anali pabwalo pawo. Vuto linali mbuzi. Vutolo ndi limene linaimitsa manja a amayi.

"Amayi, ndikampatsa vuto Chikondi, alira."

"Yankho wagwa. Walira?"

"Ayi."

"Mpatse vuto. Umpatsenso nzeru. Zinazo aona yekha."

Lachisanu linafika. Luwiza anaima kutsogolo. Kondwani anali atagoneka kale mutu padesiki.

"Padangokhala."

"Tili tonse," anavomera ana.

"Kunali mtsikana, dzina lake Chikondi. Ankakhala ku Ludzi. Inali nthawi ya mvula."

"Tili tonse."

"Abambo ake ankasoka fodya kutsidya kwa mtsinje. Anachoka m'mawa osadya. Chikondi anasenza dengu la maungu ophika. Ananyamuka."

"Tili tonse."

"Anafika pamtsinje. Mtsinje unali utadzaza. Madzi anali ofiira ngati thobwa la mawere."

"Tili tonse."

Kondwani anadzutsa mutu.

"Panalibe mlatho. Panali mtengo umodzi wogonekedwa pamtsinjepo. Mtengowo unali woterera. Chikondi anaponda. Anapondanso."

"Tili tonse."

"Anafika pakati. Mtengo unayamba kugwedera. Dengu linapendekeka. Phazi limodzi linaterereka."

Luwiza anadikira.

M'kalasi munali zii.

Anadikiranso. Palibe anavomera. Luwiza anakhumudwa. Lamulo ndi lamulo. Anayamba kubwerera pamalo pake.

"Iwe Luwiza, ukupita kuti?" anafunsa Kondwani. "Chikondi wamusiya pamtengo."

"Simunavomere," anatero Luwiza.

"Tinaiwala," anatero mtsikana wina. "Bwerera msanga. Agwa!"

Madamu Imelda anaseka.

"Luwiza, anzako sanatope. Achita mantha. Pamene wafikapa, vuto lakula kwambiri. Pamenepa timati pampondachimera. Munthu sakhala pansi pampondachimera. Bwerera."

Luwiza anabwerera kutsogolo.

"Chikondi sanalire."

"Tili tonse!"

"Anakhala pansi pamtengo pomwepo. Mwendo uku, mwendo uku. Dzanja limodzi pa dengu. Dzanja lina pa mtengo."

"Tili tonse."

"Anadzikhwekhwereza. Pang'ono. Pang'ono. Diresi linada. Koma anaoloka."

"Tili tonse."

"Nanga maungu?" anafunsa Kondwani.

"Linagwa limodzi lokha. Ena onse anafika. Abambo ake anadya. Anakhuta. Madzulo anabwerera limodzi, abambo atamugwira dzanja. Nthano yathera pamenepa."

Ana anaomba m'manja. Anamenya madesiki.

"Mwakwana, mwakwana," anatero Madamu Imelda. "Madesiki alibe mlandu. Tsopano yankhani. Mpangankhani anali ndani?"

"Chikondi."

"Malo ndi nthawi?"

"Ku Ludzi, nthawi ya mvula."

"Vuto?"

"Mtsinje wodzaza."

"Mathero?"

"Anaoloka."

"Luwiza anati madzi anali ofiira ngati thobwa la mawere. Anafanizira madzi ndi thobwa. Chimenecho timati chifanifani. Ndani angapange chake?"

Kondwani anakweza dzanja.

"M'mimba mwanga mukulira ngati chigayo, madamu."

Ana onse anaseka. Belu linalira.

Luwiza anafika kunyumba akupuma wefuwefu. Amayi, abambo ndi Yankho anali pansi pa mango. Mtedza unali usanathe.

"Yatha?" anafunsa amayi.

"Yatha, amayi. Mpaka kumapeto."

"Chabwino. Khala apa. Utiuze uku ukuthothola."

Luwiza anakhala. Ananena nthano yonse. Pampondachimera, Yankho anagwira nsalu ya amayi. Abambo anaiwala mtedza m'manja.

Nthano itatha, Yankho anasendera pafupi.

"Asisi, nthano inayo mpangankhani ndikhale ine."

"Chabwino. Koma ndikupatsa vuto."

Yankho anaganiza kaye.

"Laling'ono," anatero.

"Lalikulu," anatero Luwiza.

"Njoka ayi."

"Njoka ayi. Galu wa a Greyson."

Yankho anayang'ana kwa a Greyson. Anayang'ana amayi. Kenako anakweza mapewa.

"Mundipatsenso njinga ya ababa," anatero. "Galuyo sangandipeze."